Zimene Ndinaona Posambitsa Yasmin

1

Nditangopaka kansalu paphewa la Yasmin, khungu linatsatira kansaluko. Linasendeka ngati la phwetekere wothiridwa madzi otentha. Amida, mnzanga amene ndimasambitsa naye maliro, anangoima chikho chili m'mwamba.

"Thira madzi, iwe," ndinatero. "Wakufa sadikira."

Munditche Mwanamvua. Kwathu ku Lungwena amati Abiti Dinala. Ndinayamba kusambitsa maliro a amayi a mumzikiti mwathu mwamuna wanga akadali moyo, ndipo iye anapita kalekale. Ndasambitsa nkhalamba, ofera pobereka, omira m'nyanja. Sindinyansidwa msanga. Koma tsiku limenelo ndinanyansidwa.

Yasmin anali mtsikana wogulitsa m'sitolo ya zodzola ya mpongozi wanga Zena, m'tauni ya Mangochi. Anabadwa wakuda bii ngati mayi ake, ndipo kunkamukhala. Pomwalira nkhope yake inali mbuu ngati chidole choonetsera zovala. Anthu ankaona nkhopeyo n'kumati mtsikana wawala. Ife tinaona zotsalazo: mizere yofiira yotakata ngati chala m'ntchafu ndi m'khwapa, zilonda zosapola kumsana, miyendo yotupa moti ukadina dzenje limatsala. Mfundo za zala zokha zinali zakudabe, ngati zinakana kusamuka. Fungo lake silinali la imfa, limenelo ndimalidziwa. Linali la mafuta odzola, lonunkhira pamwamba, pansi pake ngati nsomba yogonera.

Munthu amapita m'manda ndi nsanda yokha, choncho ndinafika m'chiuno kuti ndichotse zimene anavala. Zimene ndinapeza pamenepo ndinazifumbata n'kuziponya m'thumba la diresi langa. Amida anaona, koma anayang'ana kumbali.

Lamulo la osambitsa ndi limodzi: chimene waona pathupi la wakufa chimathera m'chipinda momwemo. Suuza mwamuna wako, suuza shehe, suuza ngakhale mayi wa malemuyo. Panja anthu ankanong'onezana kuti Yasmin wafa ndi kuthamanga kwa magazi, ena kuti anamulodza anzake ansanje. Ine ndinasamba m'manja n'kupita kwathu, pakamwa pali tseke.

2

Kunyumba ndili ndi mdzukulu, Hidaya. Mayi ake, mwana wanga wamkazi, anamusiya akukwawa, ndipo ndamulera ndekha. Nthawi imeneyo tinkakonzekera ndowa yake, ukwati wathu wa Chisilamu.

M'mawa wina ndinamupeza akutsuka mbale, manja a bulauzi atakwinya mpaka m'mapewa.

"Bwera kuno. Kweza mkono."

"Anganga, manja ali ndi sopo."

"Sopo saluma. Kweza."

M'khwapa munali timizere tofiira, tating'ono, tongoyamba kumene. Ndinamugwira dzanja n'kulitembenuza. Mfundo za zala zakuda, kwinako kukuyera.

"Wakupatsa ndani?"

"Anti Zena. Akuti pofika tsiku la ndowa ndikhale nditawala." Anayang'ana pansi. "Amayi ake a mkwati anati mkazi akakhala wakuda zithunzi sizituluka bwino."

"Ndiye akukwatira iwe kapena chithunzi? Katenge zonse."

Anabwera ndi kajumbo. Munali timachubu tolembedwa chilankhulo chimene ngakhale iye wa Fomu 4 sankatha kuwerenga, botolo lopanda dzina la mafuta osakaniza, ndi timapilitsi toti amwe kuti ayere kuyambira m'kati. Zonse ndinakaponya m'chimbudzi. Analira ngati ndamuphera mbuzi.

Sabata isanathe anali ndi zina, atabisa m'thumba la ufa. Zingwe za masilipasi zinayamba kusiya mizere pamapazi ake.

"Ndi kutentha chabe, Anganga."

"Zimenezi zimapha."

"Theka la tauni likudzola. Bwanji sanathe kufa?"

Yankho ndinali nalo, linali m'thumba la diresi. Koma lamulo linandigwira lilime, ndipo mtsikanayo anapitiriza kudzola ine ndikapita kudimba.

3

Ndinakwera kabaza kupita kutauni. Shafi ndi mwana wanga wamwamuna, mwamuna wa Zena, mjomba wake wa Hidaya, mwini mbumba. Ndi munthu wokondedwa. Amapereka kumzikiti, ndipo pikapu yake imanyamula maliro a aliyense osalipiritsa.

"Amayi, ine ndimagulitsa malata ndi simenti," anatero akuseka. "Za akazi funsani Zena."

Zena ndinamupeza akupukuta mashelefu, nkhope yakenso ili mbuu, masaya ofiira ngati wapsa.

"Katundu amabweretsa ndi mwana wanu," anandiyankha. "Ine ndimangoyala. Mwaona pakhomo pa msika? Amayi ogulitsa zodzola m'timabeseni aja apolisi anawalanda zonse mwezi watha. Makasitomala awo onse abwera kuno."

"Nanga inu simulandidwa?"

"Pashelefu timaika zololedwa. Zenizenizo zili kuseri." Ananena monyada, ngati akundionetsa mwana wakhoza mayeso.

Ndinabwerera ndikudzifunsa kuti katundu woletsedwa amadutsa bwanji marodibuloko onse aja, sitolo osaphwa chaka chonse.

Jeneza la mumzikiti mwathu, chonyamulira maliro chija, limakhala m'chipinda changa chosungiramo zinthu, pamodzi ndi mpukutu wa nsalu ya nsanda. Shafi ankabwereka kawirikawiri. Achibale a Zena a kumalire, kupitirira Katuli, ankafa ngati nkhuku za chitopa, ndipo onse ankafuna kukaikidwa kutauni. Ine ndinkang'amba nsanda n'kumupatsa, ndikumuthokoza Mulungu pondipatsa mwana wachifundo.

Lachinayi lotsatira anabweranso.

"Wamwalira ndani?"

"Azakhali ake a Zena."

"Wamkazi? Ndiye ndikupita nawo. Mtembo wa mkazi suyenda ndi amuna okhaokha."

"Amayi, msewu uja ndi woipa. Msana wanu uja."

"Msana ndi wanga. Nanga masiku onsewa ankakhala pambali pa mtembo ndani?"

"Ankatiperekeza Yasmin," anatero, kenako anatsokomola ngati mawuwo amutsamwa.

Ndinatenga mpango wanga n'kukakhala m'galimoto iye asanapeze bodza lina.

4

Tinakwera phiri la Chowe, tinadutsa Namwera, tinalowa msewu wafumbi. Kupitirira Katuli tinapatukira kanjira ka ngolo mpaka panyumba ina yamalata payokhayokha, pafupi ndi minda imene mwini wake sadziwa ngati akulima ku Malawi kapena ku Mozambique.

Ndapita kumaliro ambiri kuposa kumaukwati. Pamaliro pamakhala amayi pamkeka, nsapato pakhomo, wina akuwerenga dua, mapemphero athu. Apa panali njinga zamoto, amuna awiri akusuta, ndi wailesi ikuulutsa mpira.

"Anamfedwa ali kuti?"

"Atsogola pa basi. Asambitsa kale, Amayi, inu khalani m'galimoto mupume."

Amuna aja analowetsa jeneza m'nyumba. Atatuluka nalo linali lofunditsidwa bwinobwino nsalu yobiriwira. Anathyola nthambi za mtengo n'kuzisomeka kutsogolo ndi kumbuyo kwa pikapu, kuti aliyense pamsewu adziwe kuti mukudutsa maliro.

"Ndikhala kumbuyo," ndinatero.

"Fumbi, Amayi!"

"Ndadya fumbi lambiri iwe usanabadwe."

Sitinapite patali, galimoto inagwera m'dzenje, ndipo malemu azakhali analira kuti ngwengwengwe. Ndinadikira dzenje lachiwiri. Analiranso.

Ndinavundukula nsalu yobiriwira. Nsanda inali yanga, yong'amba ndi manja angawa. Koma zingwe zake zinamangidwa mfundo zolimba ngati za thumba la makala. Ife timamanga mfundo yosolola, chifukwa kumanda zimamasulidwa. Ndinalimbana nazo ndi zikhadabo mpaka ya kumutu inalola.

Mutu wa azakhali unali jumbo lodzadza timachubu. Chifuwa chinali makatoni a mabotolo. Kumiyendo kunali mapaketi a mapilitsi a malungo, a chibayo, a mphamvu za abambo, ndi timabotolo ta jakisoni totentha ndi dzuwa ngati mbatata yootcha. Anazisanja mwaluso, mapewa ndi mapazi zonse zikuoneka, kenako anazikulunga m'nsalu imene timavekera amayi athu pokakumana ndi Mulungu.

Ndinabwezera nsalu yobiriwira, ndinakhala phee.

5

Rodibuloko inali pafupi ndi mlatho wa Shire. Kutsogolo kwathu apolisi ankatsitsa matumba m'minibasi, akupisa manja m'madengu a amayi. Wapolisi wachinyamata ataona nthambi zathu anavula chipewa. Aliyense ku Mangochi amadziwa kuti maliro a Chisilamu sagonera, ndipo palibe amene amafuna kuchedwetsa munthu wopita kumanda.

"Pepani, bambo. Pepani, agogo. Pitani bwino."

Shafi anayankha ndi mawu achisoni amene sindinawamvepo ngakhale pamaliro a bambo ake. Galimoto inayamba kusuntha. Ndinamenya denga lake ndi chikhatho.

"Mwanangu wapolisi! Bwera udzaone malirowa."

"Ayi, agogo, sitivundukula maliro ife."

"Ndavundukula kale ine. Bwera."

Shafi anatsika akuthamanga. "Amayi asokonezeka ndi chisoni, bwana. Dzuwa lawawomba."

Ndinakoka nsanda. Timachubu tinagubuduka mpaka pamsewu. Mayi wina wa m'minibasi muja, amene anali atangomulanda kabotolo kamodzi, anawomba m'manja n'kunena kuti, "Eee, koma malemuwa anali odzola!" Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Mwana wanga anandiyang'ana pamene ankamumanga unyolo, ndipo m'maso mwake munalibe manyazi, munali kudabwa kokha kuti mayi angachite zotere.

Ndinabwerera ku Lungwena pa kabaza ndikuganiza kuti nkhani yatha, chitsime chauma, Hidaya wapulumuka.

6

Ndinapita kukhoti kukamvera. Mlandu woyamba unali wa bambo wina wa ku Malindi amene anaba mbuzi. Anamupatsa zaka kundende, mkazi wake anagwa pansi. Kenako anaitana Shafi. Mlandu wake unali wolowetsa katundu m'dziko popanda chilolezo ndi kusunga mankhwala osavomerezeka. Anawerenga makatoni limodzilimodzi. Palibe anafunsa kuti katundu wa maulendo apitawo anathera pathupi la yani. Dzina la Yasmin silinatchulidwe. Loya wake anati ndi koyamba kulakwa, ndi munthu wothandiza anthu pamaliro. Woweruza anati alipire chindapusa, akalephera akakhale kundende miyezi ingapo.

Analipira dzuwa lisanapendeke. Katundu anakamutentha akuluakulu atavala masuti, atolankhani akujambula. Shafi anandipeza pakhomo la khoti.

"Mwandichititsa manyazi, Amayi, koma ndakukhululukirani. Pa bizinesi timati ndi msonkho."

Wakuba mbuzi uja anadutsa pambali pathu ali m'galimoto ya akaidi.

Posakhalitsa linafika tsiku lolangiza mkwatibwi. Amayi anadzadza m'nyumba mwanga: Amida, akazi a shehe, amayi ake a mkwati, anansi. Hidaya anakhala pamkeka atafunda, mapazi ake atatupa ngati mikate, zikope zolemera. Mphatso zinayamba kuyenda, mbale, nsalu, mphika. Kenako Zena anaika patsogolo pake kabokosi komata pepala lonyezimira.

"Kuchokera kwa amjomba ako. Mafuta awa ndi amphamvu, atsopano. Masabata atsalawa akukwanira."

Amayi ake a mkwati analuluta.

Ndinaimirira. Mawondo anga sakonda zothamanga, koma tsiku limenelo sanadandaule.

"Ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona posambitsa Yasmin."

"Abiti Dinala!" Amida anandikoka chitenje. "Astaghafirullah, khalani pansi. Sitinena zimenezo."

"Ndikudziwa. Ndinakuphunzitsa ndine."

Ndinanena zonse. Khungu lotsatira kansalu, mizere, zilonda, dzenje lotsala pamwendo. Ndinagwira phazi la Hidaya, ndinadina ndi chala pamaso pa onse, ndipo dzenje linatsala.

"Ndi nkhambakamwa za okalamba," anatero Zena. "Yasmin anali ndi matenda ake."

Ndinapisa m'thumba n'kuika pamkeka zimene ndinachotsa m'chiuno mwa Yasmin. Inali mikanda yofiira ndi yoyera, pakati pake kandalama kakale koboola. Anandipatsa mayi anga. Ine ndinamupatsa Shafi sabata ya ukwati wake kuti akaveke mkazi wake.

Zena anaitola pang'onopang'ono. "Iyi ndi yanga. Shafi anandiuza kuti inasowa posamuka."

"Inali m'chiuno mwa Yasmin. Ndipo pamwamba pa mikandayo panali mimba yoyamba kuoneka. Tinaika anthu awiri m'nsanda imodzi tsiku lija, ndipo wachiwiriyo anali mdzukulu wanga."

Zena anakuwa mawu amene sindingalembe m'magazini. Kenako zonse zinatuluka zokha ngati thumba lobooka.

"N'chifukwa chake Shafi anakana kupita ndi Yasmin kuchipatala! Mtsikana anagona kuseri kwa sitolo akutentha thupi, mkodzo utasiya kutuluka. Ine ndinati tipite naye, iye anati madokotala afunsa zimene amadzola, atilondola. Ankamumwetsa mapilitsi a m'makatoni ake omwewo. Ndinaphwanya limodzi, m'kati munali ngati ufa wa chinangwa!"

"Ndipo iwe unapitiriza kugulitsa," ndinatero, "lero wabweretsera mdzukulu wanga."

Hidaya anakankha kabokosi konyezimira kaja ndi phazi lake lotupalo mpaka kanagwera pakhonde.

"Anganga," anatero motsitsa, "mundiperekeze kuchipatala."

7

Namwino wina dzina lake Edith anamuyeza, anamutenga magazi, anandiitanira pambali. Anati impso zatopa koma sizinafe, tikanachedwa mwezi wina akanalankhula zina. Hidaya anagonekedwa, kenako anatuluka. Khungu lake linayabwa, linatuluka ziphuphu, linabwerera mawangamawanga ngati nkhanga. Amayi ake a mkwati anabwera kudzamuona kamodzi, anayang'ana nkhope, ndowa inathera pomwepo. Hidaya analira sabata yathunthu. Ine ndinaphika mpunga wa nyama.

Akazi a shehe anabwera ndi Amida kudzatenga jeneza ndi mpukutu wa nsanda. Analankhula mwaulemu. Anati palibe banja lingandilolenso kuona thupi la mwana wawo, ndipo sananame. Mayi ake a Yasmin sandipatsa moni, ndipo ali ndi chifukwa: ndinavula mwana wawo pagulu atafa kale. Zimenezo ndidzayankha kwa Mulungu. Zena anabwerera kwawo. Shafi sanapondenso pakhomo panga. Ndikumva kuti sitolo yadzadzanso, ndipo masiku ano amakonda kwambiri kunyamula matumba a usipa.

Hidaya ali moyo, akuphunzira kusoka kutauni. Akuda tsiku ndi tsiku, ndipo akufanana ndi mayi ake.

Tsono inu owerenga, sindikufuna kuti mundimvere chisoni, ndilibe nthawi yake. Ena mwa inu mumakhala m'maofesi momwe amalemba malamulo. Munthu amene chindapusa amachitcha msonkho simunamulange, mwangomuuza mtengo wa ulendo wotsatira. Mukagwira makatoni, funsani kumene anzake anapita, mukafike kuchipatala ndi kumanda. Musathere mphamvu pa mayi wa kabeseni pakhomo pa msika pamene mwini katundu akudutsa pa mlatho mutamuvulira chipewa.

Inu apongozi ofuna zithunzi zowala, kagulani chidole mukwatitse mwana wanu.

Ndipo inu amayi ndi agogo anzanga, musachedwe monga ndinachedwera ine, kusunga mwambo mwana akutupa mapazi. Lero lomwe muitaneni mtsikana wanu, mumukweze mkono, muyang'ane m'khwapa ndi mfundo za zala. Muone nokha akadali wofunda. Mukadikira, adzakuonerani ndi osambitsa, ndipo iwo sadzakuuzani kanthu. Amene ananena anali mmodzi, ndipo anamulanda jeneza.